Mbiri ya America m'kamwa mwa asilikali wamba

Mabuku a kusukulu amakonda kutchula mayina a akuluakulu a nkhondo ndi masiku amene adapambana. Msilikali wamba, uja adasenza mfuti ndi kugona m'tchire, amangowerengedwa pa nambala. Koma ku America alipo asilikali ena amene nkhondo itatha adakhala pansi n'kulemba zomwe adaona ndi maso awo. M'mabuku awo ndimo mumaoneka bwino anthu amene adakhetsa thukuta ndi magazi kuti dzikolo likhalepo, ndi mmene adawathokozera pambuyo pake.

Mmodzi mwa iwo ndi Joseph Plumb Martin. Iyeyu adalowa usilikali m'chaka cha 1776 ali ndi zaka 15 zokha, pa nkhondo imene anthu a ku America ankamenyera ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Angerezi. Adakhala m'nkhondomo mpaka 1783. Munthu akawerenga buku lake amapeza kuti mdani amene adamusautsa kwambiri sadali Mngerezi ayi, koma njala. Kumapeto kwa 1777, pamene asilikali a George Washington ankapita kukamanga msasa ku Valley Forge, ambiri adalibe nsapato, ndipo njira yomwe adadutsa inkadziwika ndi magazi a m'mapazi mwawo panthaka youma ndi chisanu. Pa tsiku limene boma lidalamula kuti dziko lonse lichite phwando lothokoza Mulungu, msilikali aliyense adalandira kampunga kosadzaza ndi dzanja lomwe ndi supuni imodzi ya vinyo wosasa. M'chaka cha 1780 ku Morristown zinthu zidafika poipa: Martin adatafuna makungwa a mtengo, ndipo adaona anzake akuwotcha nsapato zakale n'kudya.

Nkhondo itatha, asilikaliwo adauzidwa kuti azipita kwawo. M'malo mwa ndalama adapatsidwa mapepala olonjeza kuti boma lidzawalipira m'tsogolo, ndipo ambiri adagulitsa mapepalawo motchipa kuti apeze zovala ndi kamba wa paulendo. Adalonjezedwanso munda wa maekala 100 aliyense, koma Martin akudandaula kuti kwa anthu ngati iye lonjezo limeneli lidathera pakamwa. Pofika 1818 adali mphawi, mpaka adapempha penshoni ya asilikali osauka n'kuyamba kulandira madola 96 pachaka. Buku lake lidatuluka mu 1830 lopanda dzina la mwini wake, ndipo lidaiwalika kwa zaka zoposa 100 kufikira litasindikizidwanso mu 1962. Masiku ano aliyense wofufuza za nkhondo ya ufulu wa America sangalilambalale.

Nkhondo ina yaikulu idali yapachiweniweni, ya 1861 mpaka 1865, pamene zigawo za kummwera zidapanduka pofuna kusunga ukapolo. Anthu oposa 600,000 adafa. Sam Watkins wa ku Tennessee adamenyera mbali ya kummwera, ndipo buku lake lotchedwa Co. Aytch lidatuluka mu 1882. Pa amuna 120 amene adayamba nawo limodzi m'gulu lake, asanu ndi awiri okha ndiwo adatsala m'gululo pa tsiku logonja. Watkins akusimba za anyamata amene adawomberedwa ndi anzawo omwe chifukwa chothawa usilikali. Akusimbanso za mkwiyo umene udabuka mu 1862 litaikidwa lamulo lakuti pamunda uliwonse wokhala ndi akapolo 20, mzungu mmodzi atha kutsala kunyumba. Asilikali osauka adaona kuti nkhondo njofuna olemera, koma okafera kutsogolo ndi amphawi.

Komabe munthu mmodzi saona mbali zonse. Watkins sanena zambiri za mavuto a akapolo amene nkhondoyo inkamenyedwera. Mbali imeneyi imamveka kwa Susie King Taylor, mayi amene adabadwira muukapolo ku Georgia mu 1848. Ali mtsikana adathawira kwa asilikali a kumpoto, n'kumayenda ndi gulu la asilikali akuda. Ankawachapira zovala, kusamalira ovulala ndi kuwaphunzitsa kuwerenga, ndipo adagwira ntchitoyi zaka zoposa zinayi osalandira ndi kobiri lomwe. Asilikali akuda pafupifupi 180,000 adamenyera mbali ya kumpoto, koma poyamba malipiro awo adali madola 10 pamwezi, n'kudulapo atatu a yunifolomu, pamene mzungu ankalandira 13. Magulu ena adakana kulandira ndalamazo mpaka lamulo litasinthidwa mu 1864. Buku la mayiyu lidatuluka mu 1902, ndipo m'menemo akudandaula kuti ngakhale ukapolo udatha, anthu akuda ankaphedwabe ndi kunyozedwa m'dziko limene adalimenyera.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Eugene Sledge adamenyana ndi Ajapani pa zilumba za Peleliu mu 1944 ndi Okinawa mu 1945. Asilikali sankaloledwa kusunga mabuku olembamo za tsiku ndi tsiku, choncho iye ankalemba mobisa n'kumasunga m'kabuku kake ka Chipangano Chatsopano. Padapita zaka zoposa 30 asanatulutse buku lake mu 1981. Sadabise zochititsa manyazi: adalemba za anzake amene ankazula mano agolide m'kamwa mwa adani, ndi mmene nkhondo imaumitsira mtima wa mwana woleredwa bwino. Paja akuluakulu adati nkhondo simanga mudzi.

Anthu anayiwa sadali ndi maudindo akuluakulu. Adalemba patapita zaka zambiri, ndiye mwina zina adaiwala, zina adakometsera, n'chifukwa chake akatswiri a mbiri amayerekeza mawu awo ndi makalata ndi zolemba za boma. Koma popanda iwo, mbiri ya America ikadangokhala ya akazembe a nkhondo ndi apulezidenti. Palibe akadadziwa kukoma kwa khungwa la mtengo m'kamwa mwa mnyamata wanjala, kapena kuwawa kwa madola atatu odulidwa chifukwa cha khungu. Zimenezi zidapulumuka chifukwa eni ake adazilemba asanamwalire. Za anzawo zikwizikwi amene sadalembe kanthu zidapita nawo kumanda.