*BUKU LIJA MUSALIWOTCHE, TAMBANDIMVERANI KAYE*

Ndine uja wa kunyanja. Uthengawu ndi wautali ndithu, ndiye amene muli pa ntchito usungeni mudzawerenge madzulo.

Sabata yatha mlongo wanga anandiimbira foni atakwiya kwambiri. Anapeza buku m'chikwama cha mwana wake wamkazi wa Fomu 3. "Achimwene, mudziwe zimene akupatsa ana kusukuluku. Nkhani ya mwana wowombera anzake ndi mfuti!" Bukulo ndi la Chingerezi, dzina lake *Hate List*, analemba Jennifer Brown wa ku America, linatuluka mu 2009. Linafika mu laibulale m'makatoni aja a mabuku othandiza ochokera kunja. Pano nkhani ili pa gulupu ya makolo, ndipo Loweruka lino pa msonkhano wa PTA akufuna agwirizane zolichotsa. Ena akuti aliwotche kumene.

Ine monga malume ake a mwanayo ndinati alitumize kuno ndilione. Mwera wakhala ukuwomba masiku onsewa, maboti sakulowa, chilimira chili pa mchenga, ndiye nthawi ndinali nayo. Ndaliwerenga lonse nditakhala pansi pa thandala la usipa. Maganizo anga ndi akuti bukuli likhale. Chifukwa chake ndikuuzani, koma ndiyambe ndi zimene zili m'katimo, poti ambiri amene akulikana angoona chikuto chokha.

Mtsikana wa m'bukuli ndi Valerie. Iye ndi chibwenzi chake Nick anzawo ankawazunza ndi kuwaseka kusukulu. Pofuna kuphwetsa mkwiyo anayamba kulemba m'kope mayina a anthu ndi zinthu zimene ankadana nazo. Kwa Valerie anali masewera ongotulutsira ukali. Tsiku lina Nick anabwera ndi mfuti n'kuyamba kuwombera anthu a m'kope muja. Valerie anathamanga kukamuletsa, chipolopolo chinamulasa mwendo, ndipo potero anapulumutsa Jessica, mtsikana amene dzina lake linali m'kope momwemo. Kenako Nick anadziwombera yekha.

Zimenezo mumazidziwa kumayambiriro komwe. Gawo lalikulu la bukuli ndi la pambuyo pake, Valerie atabwerera kusukulu komweko kukamaliza chaka chake chomaliza. Ena akumuona ngati ngwazi, ena ngati wakupha. Makolo ake omwe akumukayikira. Iye mwini sakudziwa kuti ndi uti pa awiriwo. Ndipo chimene sangauze munthu n'chakuti Nick akumusowa. Mnyamata amene anapha anthu ndi yemweyo amene ankamukonda. Amulire bwanji? Amulirire kwa yani?

Anthu a ku America sanalembe mabuku oterewa chifukwa chosowa chochita. Pa 20 April 1999 ana awiri a pa Columbine High School ku Colorado anapha ana anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi. Mu 2012 ku Sandy Hook kunaphedwa ana aang'ono 20 ndi akuluakulu 6. Mu 2018 ku Parkland, ku Florida, anthu 17. Pa sukulu iliyonse yotereyi pamatsala ana mazanamazana amene anaona, amene anabisala pansi pa madesiki, amene ayenera kudzukanso m'mawa kupita ku kalasi. Mabukuwa ndi a ana otsalawo.

Mwina mukuti, "Nanga izi zikutikhudza bwanji? Mfuti kusukulu ndi za azungu." N'zoona, mfuti m'chikwama cha mwana kuno sitiidziwa, ndipo Mulungu atiteteze. Koma imfa ya chiwawa pa sukulu siidikira mfuti. Ku Kenya mu 2001, pa sukulu ya Kyanguli ku Machakos, ana asukulu anayatsa hositelo usiku, anzawo 67 anafa. Ndipo ine ndili ndi yanga imene sindinaifotokozepo pa gulu chikhalire.

Ndili Fomu 2, sukulu yathu inkasewera mpira ndi sukulu yoyandikana nayo. Sabata yonse tinkapeka nyimbo zonyoza, ndipo katswiri wopeka ndinali ineyo. Ina inkatukwana goloboyi wawo mpaka kutchula amayi ake. Tinaiimba kuyambira wezulo yoyamba. Chigoli china chitakanidwa, ndewu inabuka, miyala inayamba kuuluka. Mnzanga amene tinkagona mphasa imodzi pa selofu, amene pa holide tinkapalasa bwato limodzi kukaonjola matchera a bambo anga, mwala unamupeza kuseri kwa khutu. M'mawa mwake anali atapita. Dzina sinditchula, mayi ake alipo.

Maliro anayenda bwino, monga timanenera. Tinavala yunifolomu, tinanyamula nkhata zamaluwa, tinaimba. Analankhula a hedi, amfumu, abusa. Chipepeso chinaperekedwa kwa anamfedwa. Ife anzake tinaima kumbuyo, pafupi ndi adzukulu. Palibe anatipepesa, poti pa mwambo wathu mnzake wa malemu si mwini maliro. Lolemba belu linalira, aphunzitsi anati, "Zachitika zachitika, mayeso sadikira munthu." Desiki yake anakhalapo wina. Kunyumba bambo anandiyang'ana n'kuti, "Limba mtima, ndiwe mwamuna," n'kundipatsa nkhafi. Sanali ankhanza ayi. Nawonso mng'ono wawo atamira anawauza chimodzimodzi, ndipo mankhwala amene ankawadziwa anali omwewo.

Koma ine usiku ndinkamva nyimbo yanga ija m'mutu. Ndinkadzifunsa: ndikanapanda kuipeka, ndewu ikanabuka? Mwala sindinaponye ndine, koma moto ndinasonkhezera nawo. JCE ndinalephera chaka chimenecho. Kachasu ndinamuyamba ndisanamere ndevu. Anthu ankati mwanayu walowerera, ena ankati amulodza. Palibe anaganiza kuti ndikulira.

Ndiye pamene ndinafika pa Valerie ndi kope lake, ndinaika buku pansi n'kupita kukayenda m'mbali mwa madzi. Mayi wa ku America, amene mwina usipa sanaulawepo, analemba chimene ndakhala nditasenza zaka zonsezi: kudziona wolakwa pa imfa imene sunaiphe. Ndikanaliwerenga ndili ndi zaka 16, mwina ndikanadziwa kuti si misala, ndi chisoni.

Pali chinanso. Pa maliro paja akuluakulu ananena kuti mnzangayo ankangoleretsa ndewu. Ine ndinali pambali pake, ndikudziwa kuti m'manja anali ndi mwala ngati tonsefe. Ndinangokhala chete. Anaika m'manda mngelo amene ine sindimamudziwa, pamene mnzanga weniweni, wakuba mango, waphokoso, woseka mpaka kugwa pansi, sanamulire munthu.

Zimenezinso alemba. Lamlungu mphwanga uja anabwera yekha kudzatenga buku lake, atanyamula lina la m'katoni momwemo, *That's Not What Happened*, la Kody Keplinger, la mu 2018. Mmenemo mtsikana wotchedwa Lee anali limodzi ndi mnzake wapamtima Sarah pamene Sarah anawomberedwa kusukulu. Tauni yonse ikukhulupirira kuti Sarah anafa akuchitira umboni chikhulupiriro chake, ndipo makolo ake akufuna kulemba buku. Lee akudziwa kuti sizinali choncho. Anene zoona, apweteke makolo ofedwa? Akhale chete, mnzake weniweni afe kachiwiri? Zofanana ndi zimenezi zinachitikadi ku Columbine. Kunafala nkhani yoti Cassie Bernall anafunsidwa ngati amakhulupirira Mulungu, n'kuvomera, n'kuphedwa. Mayi ake analemba buku. Ofufuza anadzapeza kuti funsolo anafunsidwa mtsikana wina, amene anapulumuka. Sindikunyoza makolowo, abale. Munthu wofedwa amagwira chilichonse chomuyandamitsa, ngati mlovi amene bwato lamugudubukira. Koma mwana amene anaona ndi maso timamusiya ndi katundu wa bodza lathu.

Ndinamufunsa mphwangayo kuti n'chiyani chamukoka m'mabukuwa. Ndamupempha chilolezo ndisanalembe izi, ndipo wavomera. Ena mukudziwa kuti bambo ake, alamu anga, anamira zaka zitatu zapitazo. Anati: "Malume, Valerie amakwiyira munthu woti anafa kale. Ine ndimayesa ndine ndekha. Adadi anawauza kuti kunja kuli mwera asalowe, iwo anapitabe. Ndimawakwiyira, kenako ndimaopa kuti ndachimwa." Zaka zitatu mwana ali nazo mumtima, akutiphikira nsima, akutipatsa moni bwinobwino. Mayi ake sankadziwa. Ine malume ake sindinkadziwa. Chamutsegula pakamwa ndi buku lomwe tikufuna kuliwotchali.

Tsono ndisakhale ngati sindikumva nkhawa zanu, chifukwa zina ndi zomveka.

Mukuti mwana akawerenga atengera. Mantha amenewo ngakhale ku America aliko, ndipo mabuku ena otere amawachotsa m'masukulu. Koma werengani nokha muone. Nick samuonetsa ngati ngwazi. Chimene mwana amaona tsamba ndi tsamba ndi mabwinja amene wasiya: mabanja osweka, anzake olumala, mtsikana amene ankamukonda akulephera kugona. Mafilimu amene ana athu amaonera m'mavidiyo sho a pa doko ndi amene amaonetsa munthu akupha anthu makumi awiri n'kumapita akumwetulira, popanda maliro ngakhale amodzi. Amenewo PTA sinawaitanirepo msonkhano. Buku limene likuonetsa maliro ake ndi limene tikuliopa eti?

Mukuti muli nkhani ya kudzipha, ndi mawu ena osayenera. Zilimo, sindikubisa. N'chifukwa chake sindikunena kuti aliike pa shelefu ya ana a pulayimale. Mwana wa Fomu 3 ndi Fomu 4 angathe, makamaka ngati pali wamkulu wocheza naye. Ndipo tisanamizane, nkhani za kudzipha ana athu amazimva kale pa wailesi ndi m'mudzi momwemo. Chimene samva ndi munthu wowauza kuti pali njira ina. M'bukuli Valerie amapita kwa dokotala wa maganizo, Dr. Hieler, amayamba kujambula zithunzi, ndipo pamapeto amalimba mtima kukaonana ndi mabanja a ophedwa pokonza chikumbutso. Sachira tsiku limodzi. Amagwa, amadzuka, amagwanso. Mwana wosweka mtima akufunika aone zimenezo.

Mukuti ife tili ndi chikhalidwe chathu cholirira maliro. Tili nachodi, ndipo ndimachinyadira. Kugona pa siwa, kusonkha ufa ndi nkhuni, kusasiya namfedwa yekha, zimenezi azungu akhoza kuphunzira kwa ife. Maliro n'kulirana. Koma mwambo wathu umaona mayi, bambo, mkazi wamasiye. Mwana timangomuuza kuti asasowetse mtendere, ndipo mnzake wa malemu sitimuwerengera n'komwe. Tikamwazikana pa manda timati zatha, pamene kwa mwanayo n'kumene zikuyamba.

Ndiye pempho langa kwa amene mukapezeke Loweruka ndi ili. Musavote musanawerenge. Sankhani makolo awiri odziwa Chingerezi, mmodzi wa mother group, ndi mphunzitsi wa Life Skills, awerenge buku lonse, adzafotokozere enawo m'Chichewa. Likatsala, mwana wolibwereka adziwe kuti pali mphunzitsi amene angacheze naye. Ndipo pa sukulu pakagwa zovuta, kaya ndi ndewu, kaya ngozi, kaya nyanja yatenga mwana, belu la Lolemba lisangolira ngati palibe chachitika. Akhale nawo pansi anzake a malemuyo, awafunse. Mwana amene akuopa kulankhula ndi munthu womudziwa atha kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Kwa inu olemba nkhani a kuno kwathu, tikudikira. N'zochititsa manyazi kuti mwana wa ku Mangochi apeze chisoni chake m'buku la ku America, mpaka kumatsegula dikishonale. Tilembereni za mwana amene mnzake anafera pa mpira, za mtsikana amene akukwiyira bambo ake omira, m'chiyankhulo chimene amalirira.

Mlongo wanga ndakhala naye pansi dzulo. Sanavomere zonse, ndipo Loweruka sindikudziwa kuti akakweza dzanja mbali iti. Koma usiku anakagona kuchipinda kwa mwana wake, ndipo akuti anacheza za malemu alamu mpaka tambala woyamba. Ine mawa ndikupita kukaona mayi a mnzanga uja. Ndanyamula chambo chiwiri. Chimene ndikanene sindinachidziwebe.

Amene muli ndi mwana ku sekondale, tumizirani makolo anzanu. Amene simukugwirizana nane, ndiyankheni, koma muyambe mwawerenga.

Ndine wanu,
mwana wa msodzi.