Asemeni sitima zathu, osati ya Harry Potter yokha

Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti amawadziwa amisiri amene amayala katundu wawo m'mphepete mwa msewuwo. Amasema tinjinga, tindege ndi timagalimoto ta Land Rover totseguka zitseko, tokhala ndi tayala lapadera kumbuyo. Atsibweni anga ndi mmodzi mwa iwo, ndipo ndalama zina zimene zinandifikitsa kuno ku yunivesite zinachokera pa timatayala tamtengo timeneti.

Patchuthi china ndinawapeza atakhala pa mphasa, akuyang'anitsitsa chithunzi chimene mlendo wina anawasiyira. Pachithunzipo panali mutu wa sitima wofiira, ukufuka utsi. Mlendoyo anafuna kuti amusemere khumi. "Iwe mphwanga, wapita kusukulu, sitima imeneyi ndi ya kuti?" Ndinawayankha kuti ndi Hogwarts Express ya m'mafilimu a Harry Potter. Anangoti, "Kaya ndi ya ndani, bola agule."

Yankho limeneli ndi limene ndikutsutsana nalo, ngakhale kuti ndikulimvetsa.

Mutu wa sitima wa m'filimuwo ndi weniweni. Dzina lake ndi Olton Hall, nambala 5972, ndipo unapangidwa mu 1937 ku Swindon, ku England. Unagwira ntchito mpaka kutayidwa kumalo a zitsulo zakutha, kenaka anthu okonda sitima anaukonzanso. Unali umodzi chabe mwa mitu yambiri yofanana nawo. Filimu yoyamba itatuluka mu 2001, kampani ya Hornby inayamba kugulitsa tisitima toseweretsa tofanana nawo. Zinateronso ku America: filimu ya The Polar Express ya mu 2004 inatengera mutu wa sitima wotchedwa Pere Marquette 1225, wa mu 1941, ndipo kampani ya Lionel inapanga zidole zake. Makampaniwa sagulitsa chitsulo kapena pulasitiki. Amagulitsa nkhani imene mwana anaonera, ndipo kuti agwiritse ntchito dzinalo amalipira eni filimu.

Apa ndi pamene atsibweni anga alibe mwayi. Akhoza kusema sitima yofiira yokongola kuposa ya m'fakitale, koma dzina limene likuipatsa mtengo si lawo ndipo alibe chilolezo chake. Kwa mlendo mmodzi pa Khwekhwelere palibe amene angawalondole. Koma tsiku limene adzafune kutumiza katundu kunja kapena kumutsatsa pa intaneti, adzapeza khomo lotseka. Ndiponso amene akufunitsitsa Hogwarts Express adzagula yoyendera magetsi, yokhala ndi njanji zake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wathu si ameneyu.

Kodi ife tilibe sitima? Tili nazo, koma sitizifotokoza. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mitu iwiri yoyambirira ya Shire Highlands Railway inkatchedwa Thistle ndi Shamrock, ndipo mutu wa sitima ya malasha wakale mukhoza kukauona ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Njanji imeneyi imadutsa m'boma lathu lomwe lino, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, munsi mwa phiri limene amisiriwa amakhalapo. Ine ndinakulira kumtunda kozizira, kumene timalima mbatatesi, ndipo sitima ndinayamba kuiona pa kanema ndisanaione ndi maso, chonsecho njanji ili ulendo wosakwana tsiku.

Agogo anga aakazi sitima ankaitchula mosakondwa. Kwa iwo inali chinthu chotenga amuna. Agogo aamuna anapita kukagwira ntchito ku Halale, anabwerako kawiri, kachitatu sanabwerenso, nasanduka mtchona. Mabanja a nkhani yotereyi ndi ambiri m'Dedza ndi m'Ntcheu, ena a ku Joni, ena a ku Wankie. Mwana wosadziwa kumene bambo ake analowera, sutikesi yachitsulo, kalata yofika patatha miyezi: kodi zimenezi n'zochepa mphamvu poyerekeza ndi ana opita kusukulu ya matsenga?

Wina anena kuti nkhani yopanda filimu siigulitsa chidole, ndipo akunena zoona pang'ono. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019 inachititsa kuti anthu akutali adziwe mudzi wa Wimbe ku Kasungu ndi makina amphepo a William Kamkwamba. Filimu yotero yonena za njanji yathu ikanathandiza. Koma sitingakhale manja lende kudikira opanga mafilimu. Ku Mua, pamalo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, alendo amagula zosema chifukwa pali wowafotokozera tanthauzo lake. Kapepala kakang'ono komangirira pa kasitima, kolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, konena dzina la mutuwo, chaka chake ndi anthu amene unkanyamula, kangachite ntchito yomweyo. Kulemba kapepala kotere si ntchito ya amisiri. Ndi yathu, ife amene timakhala m'kalasi kuphunzira kumasulira, n'kumadandaula kuti digiri ya Chichewa ilibe msika.

Sindinawauze atsibweni kuti akane oda ija. Feteleza sagulidwa ndi mfundo za m'chimangirizo. Anasema zonse khumi, anazipaka utoto wofiira, mlendoyo anatenga zisanu ndi chimodzi, zinayi zinatsala pa thandala mpaka utoto unasuluka ndi dzuwa. Patchuthi chotsatira ndinawatengera chithunzi chimene ndinajambula ku Chichiri. Anachitembenuza uku ndi uku, nafunsa kuti chumuni chake n'chachitali bwanji poyerekeza ndi matayala. Sindinayeze. Anandiuza kuti ndikapitanso ku Blantyre ndikatenge chingwe.