Potsika Chiweta, Giya Ndiyo Buleki Yoyamba

Mpingo ukafuna galimoto yonyamula kwaya, a Pathfinder kapena amayi a Dorika, mafunso athu amakhala awiri okha: ikwana anthu angati, ndipo tilipira zingati? Funso lachitatu, loti dalaivalayo amatsika bwanji mtsetse, sitilifunsa. Ife tikuti funso limeneli ndilo liyenera kukhala loyamba, makamaka kwa ife a ku Chiputula ndi Mzuzu yense, chifukwa mzinda wathu uli pamwamba pa mapiri a Viphya, mamita oposa 1,200, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kaya tikupita ku Nkhata Bay, kaya ku Karonga kudzera pa Chiweta, ulendo wathu ndi wotsetsereka.

Anyamata okonda galimoto zampikisano amakamba za luso lotchedwa rev matching. Tanthauzo lake si lovuta. Galimoto ikamayenda, injini imazungulira pa liwiro lake, ndipo mateyala nawo ali ndi lawo. Kilachi ndi giya ndizo zimagwirizanitsa ziwirizi. Mwachitsanzo, galimoto yaing'ono ikamathamanga makilomita 60 pa ola ili mu giya 4, injini ingazungulire pafupifupi ka 2,000 pa mphindi. Kuti iyende pa liwiro lomwelo mu giya 3, ifunika kuzungulira pafupifupi ka 2,800. Dalaivala akangotsitsa giya n'kusiya kilachi mwadzidzidzi, mateyala amakakamiza injini kuti ifulumire. Galimoto imadzuka, okwera n'kugunda mipando yakutsogolo, kilachi n'kudyeka, ndipo pamsewu wonyowa mateyala akhoza kuterereka. Wodziwa amaponda kilachi, n'kugunda moto pang'ono kuti injini ifike pa liwiro loyenera, kenaka n'kulowetsa giya yotsika. Galimoto siigwedezeka n'komwe.

Oyendetsa zampikisano amachita zimenezi akupondanso buleki: zala za phazi lamanja pa buleki, chidendene kapena m'mbali mwa phazi lomwelo pa moto, phazi lamanzere pa kilachi. M'chaka cha 2009 kampani ya Nissan inatulutsa galimoto ya 370Z yokhala ndi kompyuta yogunda motoyo yokha, yotchedwa SynchroRev Match. Makampani ena anatsatira, ndipo Toyota inaika luso lofanana, la iMT, m'galimoto zina za Hilux. Madalaivala akale a malole ankadziwa kale zimenezi popanda kompyuta, pakuti magiya awo sankalowa ngati sanaponde kilachi kawiri n'kugunda moto pakati.

Nanga ife zitikhudza bwanji, poti mu Chiputula mulibe 370Z? Zitikhudza chifukwa minibasi ndi lole zimene timakwera zilibe kompyutayo. Luso lonse lili m'mapazi a dalaivala, ndipo dalaivala amene sadziwa kutsitsa giya mosalala amazemba kutero. Amatsika phiri lonse ndi buleki yokha.

Buleki imagwira posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ukaiponda osalekeza pamtsetse wautali, zitsulo zimatentha kwambiri, zogwirira zimayamba kuterera, ndipo mafuta a buleki akhoza kuwira. Akawira, phazi limangolowa mpaka pansi, galimoto osaima. Lole za buleki yamphepo nazo zimataya mphepo dalaivala akamaponda pafupipafupi. Giya yotsika imachotsa mtolo umenewu pa buleki: injini imabweza galimoto, buleki n'kumapuma, kudikira pamene ifunikadi, monga pakona kapena pamene mbuzi yadumphira mumsewu. Lamulo lakale la madalaivala ndi lakuti phiri ulitsike ndi giya yomwe ungalikwerere, ndipo giyayo uilowetse pamwamba pa phiri, liwiro lisanachuluke.

Choipa koposa ndi chizolowezi choika galimoto pa free potsika, ati kupulumutsa mafuta. Sitikunyoza madalaivala amene amatero. Tonse taona mizere yaitali pa malo omwetsera mafuta m'zaka zapitazi, ndipo dalaivala wa minibasi ali ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini galimoto madzulo, kondakitala naye akudikira yake. Koma chizolowezichi chinatsalira ku galimoto zakale. Injini zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta zimadula mafuta dalaivala akachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, chifukwa mateyala ndiwo akuzungulitsa injini. Ikakhala pa free, injini imamwa mafuta kuti isazime. Choncho woika free sapindula kanthu, koma wataya buleki yake yoyamba ali ndi anthu 16 kumbuyo.

Ena adzati nkhaniyi yatha ntchito, poti galimoto zambiri zochokera ku Japan, zolowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndi za otomatiki. N'zoona kuti ma Sienta odzadza m'misewu ya Mzuzu alibe kilachi yoponda. Koma tayang'anani pa ndodo ya giya: kupatula D, pamakhala zilembo monga S, B, L kapena nambala 2. Anaziikapo chifukwa cha mitsetse yonga ya Chiweta. Amene anaphunzira kuti D ndi kutsogolo, R ndi kumbuyo, basi, adzawotcha buleki mofanana ndi mnzake wa manyuwo. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi timadziwa kuti mwana wongoloweza yankho amasowa chochita funso likasintha pang'ono. Makina amathandiza munthu amene akumvetsa chimene makinawo akuchita.

Enanso adzati wokwera alibe mphamvu yolangiza dalaivala, ndipo mwana wasukulu akalankhula adzamuyankha kuti atsike ayende wapansi. Apa ndiye pofunika mpingo. Wokwera mmodzi akhoza kunyozedwa, koma komiti yobwereka galimoto ndiyo yagwira ndalama. Isanalipire, ingathe kufunsa ngati dalaivala anayendapo msewuwo, kuona ngati mabuleki ayesedwa, ndi kugwirizana naye kuti free ndi yoletsedwa paulendo wonse. Mkulu wa mpingo mmodzi wodziwa galimoto akhale pampando wakutsogolo. Injini ikakhala chete pamtsetse galimoto ikuwonjezera liwiro, ameneyo anene mwaulemu kuti, "Adalaivala, tatibwezerani m'giya." Tisakakamizenso dalaivala kuthamanga chifukwa tanyamuka mochedwa ndipo tikufuna kufika dzuwa la Lachisanu lisanalowe. Kusunga Sabata kuyambe ndi kunyamuka m'mawa.

Kwa ophunzira anzathu amene mukusunga ndalama za laisensi, tikuti sankhani kuphunzira pa galimoto ya manyuwo ngati mungathe. Musakhutire ndi kuzungulira m'tauni. Pemphani mphunzitsi wanu akuonetseni kutsitsa giya kuchoka pa 4 kupita pa 3 ndi pa 2 mpaka galimoto italeka kudzuka, ndipo mufunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Timapemphera tisananyamuke, ndipo tipitirize kutero. Koma mpingo wathu umaphunzitsa kuti moyo ndi thupi tinangosungitsidwa, n'chifukwa chake timasamala zimene timadya ndi kumwa. Ukapitawo womwewo ufike pa galimoto imene tikwezamo ana a eni popita ku misonkhano ya misasa. Komiti ikakumananso kukonza ulendo, funso la giya lilembedwe pamwamba pa funso la mtengo.