Ulendo wa Tsiku Limodzi ku Tigre

Anthu ena amati tsiku limene mwana sakhala m'cipinda ca sukulu ndi tsiku lotayika. Anthu otere alakwa, pakuti ulendo wa tsiku limodzi ukhoza kumveketsa cimene buku lalephera kumveketsa sabata yathunthu.

Buenos Aires ndiwo mzinda waukulu wa dziko la Argentina, ku South America. Munthu wa mumzindamo akakwera sitima m'mamawa pa siteshoni ya Retiro, ayenda makilomita ngati 30, nafika ku Tigre patapita ngati ola limodzi. Njanji inafika kumeneko m'caka ca 1865. Ku Tigre atsika sitima nakwera bwato la injini, cifukwa kumene alinkupita njira yace ndi madzi okhaokha.

Malo amenewa ndi matsiriro a mtsinje wa Paraná. Mtsinje ukafika ku matsiriro ace uyenda pang'onopang'ono, ndipo matope amene unanyamula kumtunda amira pansi. Matopewo aunjikana nasanduka zisumbu, ndipo madzi agawikana m'timitsinje tambirimbiri. Dzina la malo otere ndi delta.

Mwana woloweza akhoza kulemba mau onsewa pa mayeso osazindikira tanthauzo lace. Koma mwana wofika ku Tigre aona yekha madzi ofiira ndi matope. Aona nyumba zomangidwa pamwamba pa nsanamira kuopa madzi osefukira. Aona bwato la sitolo lilikufika pa khomo ndi buledi ndi shuga, ndi bwato linanso lilikutenga ana kunka nao ku sukulu. Pa cisumbu cina aona kanyumba ka matabwa ka Domingo Sarmiento, mphunzitsi amene anali mtsogoleri wa dzikolo kuyambira 1868 kufikira 1874. Kanyumbako anakachinga ndi magalasi kuti kasaonongeke. Madzulo mwanayo abwerera pa sitima atadziwa kuti anthu amanga ndi kuyenda monga mwa malo ao.

Kapena wina adzati, "Argentina ali kutali, ndipo sitima ifuna ndalama." Zimenezo n'zoona. Ngakhale delta ya Zambezi, pafupi ndi Chinde ku Mozambique, siili pafupi ndi sukulu za m'Zambia. Koma mvula ikagwa, pamene kamtsinje kalowa m'dziwe, mcenga uunjikana ndipo madzi agawikana ngati zala za dzanja. Imeneyo ndi delta yaing'ono, ndipo aliyense afikapo ndi miyendo popanda kulipira kanthu.

Cifukwa cace mphunzitsi asaope kuturutsa ana tsiku limodzi, ndipo makolo asawakanize. Koma anawo asayese ulendowo masewera cabe. Atenge pensulo ndi pepala, akhale cete pa gombe, ajambule kumene madzi apatukira ndi pamene mcenga wakhala. Wothamanga ndi kupokosera adzabwerako ndi matope ku miyendo basi. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.