Digiri ndi Sowo Sizidana

Mwana akamaliza digiri nʼkunena kuti akufuna kukapitiriza maphunziro a kapangidwe ka mipando, pakhomo pamagwa zii ngati pamaliro. Amalume amafunsa kuti, “Ndiye fizi yonse ija tinkalipirira ukalipentala?” Funso limeneli ndi limene latisiya tikukhalira mipando ya eni.

Talowani mʼmaofesi a ku Lilongwe kapena ku Lusaka muone. Matebulo ambiri ndi ochokera kunja, opangidwa ndi utuchi woumba ndi guluu, oti akangonyowa amafufuma ngati mkate. Chonsecho kwathu kuno kumamera mlombwa ndi mbawa. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, tinaicheka ndi kuitentha, matabwa ake nʼkumatuluka mʼdziko pamathiraki ali osapala nʼkomwe. Phindu lenileni anadya ndi amene anawasandutsa katundu.

Akalipentala athu manja ali nawo. Pitani ku Ndirande kapena ku Mchesi mukaone. Koma ambiri amapatsidwa chithunzi cha pafoni nʼkuuzidwa kuti “mundipangire ngati iyi”. Nʼchifukwa chake sofa yomweyo, yotupa ngati mvuu, mumaipeza mʼmbali mwa msewu uliwonse, onse akulimbirana kasitomala mmodzi potsitsa mtengo. Makoleji monga Soche, Nasawa ndi Namitete amaphunzitsa kucheka, kupala ndi kulumikiza matabwa, ndipo zimenezo nʼzofunika. Koma kudziwa kutalika koyenera mpando kuti msana usapweteke, kuumitsa thabwa kuti lisapindike pakatha chaka, kujambula pakompyuta, kuwerengera mtengo, kupanga kabati yoti ipasulidwe nʼkulowa mʼkatoni popita kunja: amenewa ndi maphunziro ena, ndipo amafuna mutu womwewo umene tikuti usungidwire ofesi.

Ena amati mʼmipando mulibe ndalama. Akafunse Peter Mabeo wa ku Gaborone, amene mu 2021 anaonetsa mipando yake ku Design Miami mogwirizana ndi kampani ya Fendi. Kapena aone mpando wathu woluka ndi nsungwi uja, umene masitolo a ku Cape Town ndi London amaugulitsa pa dzina loti “Malawi chair”. Dzina ndi lathu, luso ndi lathu, koma woluka amalandira kachigawo kochepa ka mtengo umene walembedwa mʼsitolomo. Pakati pa iye ndi wogula pakusowa munthu wathu wodziwa kujambula mitundu yatsopano, kuyesa kulimba kwake ndi kukambirana mtengo.

Zoona, njirayi ndi yodula, ndipo ena adzayenera kukaphunzira kunja. Komanso wophunzirayo asabwere ndi matama: akapanda kukhala pabenchi ndi akalipentala akale mpaka manja atachita zikanga, zojambula zake zidzathera papepala. Koma makolo amene akukana lero ndi omwewo amene akhala zaka zitatu akumupatsa mwanayo ndalama ya minibasi yokasiyira makalata ofunsira ntchito, ndipo kumeneko sadandaula za fizi.