Pakhonde la Sukulu: Kaundula Amene Anasula Mphunzitsi

Mwezi uno tifuna kukamba za mphunzitsi watsopano ndi za tsiku limene aphunzitsi ambiri amaliopa, ndilo tsiku lofika oyendera sukulu. Ena a ife tili ndi ana amene angoyamba kumene ntchito ya uphunzitsi, ndipo pafupifupi tonse tili ndi ana kapena adzukulu ophunzitsidwa ndi aphunzitsi otere. Chotero nkhaniyi ikhudza banja lililonse.

Kuyendera sukulu si chinthu chachilendo pakati pathu. Amishoni atakhazikika ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Nkhoma m'chaka cha 1896, sukulu za m'midzi zinachuluka, ndipo panafunika anthu oyenda mudzi ndi mudzi kukaona ngati ana akuphunziradi. Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, ndipo posakhalitsa ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, yosula aphunzitsi oyendera anzawo ndi kuwalangiza. M'chaka cha 2015 Unduna wa Maphunziro unatulutsa miyezo 26 yoyesera sukulu, yokhudza zimene ana amapindula, kaphunzitsidwe, utsogoleri ndi kasamalidwe ka sukulu. Cholinga chake n'chakuti sukulu iyambe yadziyesa yokha alendo asanafike.

Pa sukulu ina ya mpingo imene tiidziŵa bwino panafika mtsikana wochokera kumene ku koleji, ndipo anampatsa Sitandade 3. Kalasi linali lodzaza, monga zakhalira m'sukulu zambiri kuyambira mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Teremu yoyamba anaimaliza ndi mtima wosweka, pakuti ana ambiri sanathe kuŵerenga, ndipo iye anafika poganiza kuti anawo ndi aulesi chibadwire.

Uthenga utamveka kuti oyendera adzafika teremu yachiŵiri, mphunzitsi wamkulu anamuika m'kagulu kosonkhanitsa umboni: makaundula, masikimu ndi zotsatira za mayeso. Potsegula makaundula anapeza masiku ambiri osalembedwa, ena m'kaundula wake womwe. Mnzake wina wokhalitsa pa ntchito anamnong'oneza kuti mankhwala ake ndi usiku umodzi ndi cholembera, monga ankachitira kale. Mtsikanayo sanagone bwino. M'maŵa mwake anapita ku ofesi nati, "Ahedi, kodi mipata iyi tiitseke?" Mkuluyo anakhala duu, ndipo pambuyo pake anayankha kuti, "Isiyeni momwemo, aphunzitsi. Ŵerengani zimene zilipozo, mudzatiuze zimene zikunena."

Anaŵerengadi, madzulo ndi madzulo, ndipo kaundula anayamba kulankhula. Ana ankajomba kwambiri tsiku la msika, ndiponso m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zatha ndipo mabanja ali pa ganyu m'minda ya eni. Atayika maina a ojombawo pambali pa zotsatira za mayeso, anaona kuti ndi omwewo amene iye ankawatcha aulesi. Anaonanso chinthu chimene chinampweteka koposa: ana okhoza onse anali okhala kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Kwa teremu yathunthu iye anali kuphunzitsa mizere iŵiri yokha.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mtsikanayo anapempha kukakhala kumbuyo m'kalasi la mayi wina wachikulire wa Sitandade 1, ndipo kumeneko anaona mmene mwana wotsalira amabwezeredwa pa maphatikizo a malembo popanda kumchititsa manyazi. Anayamba kusinthanitsa malo okhala ana mlungu uliwonse, kuitana maina m'maŵa uliwonse mosaphonya, ndi kulemba pansi pa chikonzekero cha phunziro zimene zakanika tsikulo.

Oyendera atafika sanaichitire chifundo sukuluyo pa nkhani ya makaundula. Analemba poyera kuti pa mbali imeneyo sinafike pa muyezo, ndipo manyazi anagwira aphunzitsi onse. Ena anamuda mtsikanayo kwa kanthaŵi. Komabe popeza vuto linali litaonekera, linaloŵa m'dongosolo la chitukuko cha sukulu. Komiti ya sukulu, gulu la amayi ndi anyakwaŵa anakhalirana pansi za ana otumidwa kumsika nthaŵi ya maphunziro, ndipo mlangizi wa maphunziro wa m'deralo pobweranso anapeza poyambira. Akanatseka mipata ija usiku, sukulu ikanayamikiridwa, mtsikanayo akanapitiriza kuphunzitsa mizere iŵiri, ndipo ana a kumbuyo akanabwereza kalasi mpaka kutopa n'kusiya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tikalingalira nkhaniyi tiona kuti koleji imapatsa munthu njira zophunzitsira, koma kudziyesa moona mtima ndiko kumampatsa maso. Mtsikana uja anaphunzira kuona sukulu yonse, osati chipinda chake chokha. Anaphunzira kufunsa umboni asanaweruze mwana. Anaphunziranso kulandira chidzudzulo popanda kutaya mtima. Malembo Oyera amatichenjeza kaŵirikaŵiri za muyeso wonyenga, ndipo ife sitiona kusiyana pakati pa sikelo ya wamalonda ndi kaundula wa mphunzitsi.

Tsono tipempha inu aphunzitsi aakulu: musamuikire kumbali mphunzitsi watsopano pokonzekera oyendera, poganiza kuti sadziŵa kanthu, mpatseni gawo, ndipo mumtchinjirize akanena zoona. Inu makolo, mukaitanidwa ku msonkhano wa sukulu pitani, ndipo mufunse kuti mwana wanu wajomba masiku angati teremu ino. Inu akulu a mpingo, kumbukirani kuti sukulu yokhala ndi dzina la mpingo imachitira umboni ngakhale m'mabuku ake. Ndipo inu amene muli ndi mwana woyamba kumene uphunzitsi, akabwera kunyumba atafooka chifukwa cha lipoti la oyendera, musamseke. Mkhazikeni pansi, mumfunse chimene waphunzirapo, ndipo mupemphere naye pamodzi asanabwerere ku kalasi lake Lolemba.