Kamera ya salaula ilibe mlandu, mlandu ndi kugula mothamanga

Lachitatu lapitali, cha m'ma 21 hours, foni yanga inalira. Anali muphwa wanga wa ku Chanyanya, kuja m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, mawu ali m'mwamba ngati timu yake yachinya. "Ba uncle, chilimba chagwela ine mwezi uno. Nifuna kugula kamera ija ikulu, yochosa lens. Nigule ya nyowani olo ya salaula?"

Musamuseke. Mnyamatayu wakhala akuponya m'chilimba miyezi 8, ndalama ya nsomba zimene amathandiza amayi ake kugulitsa pa harbour. Ku Chanyanya nyumba zambiri zimadya za m'madzi, ndipo chaka chilichonse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February. Miyezi itatu imeneyo poto amavuta kuwira. Koma December yemweyo ndiye mwezi wa maukwati, ma kitchen party ndi chilanga mulilo, ndipo iye watopa kuona ndalama ya zithunzi ikubwerera ku Kafue town m'thumba la kameramani wobwera. Akagula bwino, fish ban ya chaka chino adya. Akagula gonga, miyezi 8 yalowa m'madzi.

Ndikudziwa kuti ena a inu muli pa mphambano yomweyi, ndalama ili m'manja ndipo mtima ukugunda. Chimene ndinamuuza ndi chimene ndikuuzani: gulani ya salaula, koma muiyese ndi manja anu, ndipo musathere ndalama yonse pa kamera chabe.

Kamera imene tikukambayi amaitcha DSLR. M'kati mwake muli kagalasi kamene kamatumiza kuwala ku kabowo koonera. Mukadina batani, kagalasiko kamanyamuka kuti kuwala kufike pa sensa, ndipo ndiko kaphokoso kaja kamene kamachititsa akwati kuongola khosi. Sensa yake ndi pafupifupi mamilimita 23 m'litali ndi 15 m'lifupi, yaikulu kangapo kuposa ya foni. N'chifukwa chake imaona bwino m'tchalitchi cha mawindo ang'ono, pamene foni yayamba kutulutsa nkhope zonga phala.

Nanga salaula chifukwa chiyani? Mu 2003 Canon inatulutsa EOS 300D, DSLR yoyamba kugulitsidwa pansi pa madola 1,000, ndipo makamera otere anasefukira dziko lonse. Kuyambira 2018, pamene Canon inabweretsa EOS R ndipo Nikon inabweretsa Z6 ndi Z7, makampani awiriwa anatembenukira ku makamera opanda kagalasi kaja, otchedwa mirrorless. Akatswiri ndi olemera akusamukira kumeneko, akugulitsa zakale zawo zili zogwira ntchito bwinobwino. Ife a thumba laling'ono tidye pamenepo.

Onani chitsanzo ichi. Canon 4000D inatuluka mu 2018 ndipo ili ndi ma megapixel 18. Canon 600D inatuluka mu 2011, nayonso ma megapixel 18. Koma 600D ili ndi skirini yotembenuka, pobaya maikolofoni, ndipo pomangira lens ndi pa chitsulo. Pa 4000D pomangira lens ndi pa pulasitiki, skirini sitembenuka, pobaya maikolofoni palibe. Manje yanyowani ndi iti pamenepa? Bokosi chabe.

Sindikuti yanyowani ndi yoipa. Ili ndi chinthu chimodzi chimene salaula ilibe: warranty ndi risiti ya shopu imene mawa mudzaipeza pamalo pomwepo. Ngati mulibe munthu aliyense wodziwa kamera wokuperekezani, ndipo mtima wanu sugona ndi chinthu chogwirapo kale, lipirani mtendere umenewo. Koma dziwani kuti mwalipira mtendere, osati zithunzi zabwino kuposa.

Pa salaula, maina oyenera kusunga m'mutu ndi awa. Kwa Nikon: D3200 ya 2012, D3300 ya 2014, D3400 ya 2016 ndi D3500 ya 2018, zonse za ma megapixel 24. Kwa Canon: 600D, 700D ya 2013, 1200D ya 2014 ndi 1300D ya 2016. Ngati mudzafuna kukopa vidiyo ya malumbiro, samalani: D3200, D3300, 600D ndi 700D zili ndi pobaya maikolofoni, pamene D3400, D3500, 1200D ndi 1300D zilibe. Ndipo wogulitsa asakuzunguzeni mutu ndi ma megapixel. Chithunzi cha A4 chopachika pa khoma chimafuna ma megapixel pafupifupi 9 chabe.

Canon olo Nikon? Funsani kameramani amene ali pafupi ndi inu, amene mumamvana naye, kuti amagwira iti. Gulani yomweyo. Tsiku limene chaja yanu idzafe m'mawa wa ukwati mudzandikumbuka.

Chithunzi chimapangidwa ndi lens kuposa thupi la kamera. Yambani ndi imene imabwera nayo, 18-55mm, chifukwa imatenga gulu lonse la alangizi m'chipinda chochezera ndiponso nkhope ya mkwatibwi. Ndalama ikayamba kubwerera, onjezani 50mm f/1.8. Lens imeneyi imalowetsa kuwala kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi 18-55mm mukaikokera pa 55mm, ndipo ndiyo imasungunula kumbuyo kwa munthu kuti nkhope iime yokha. Koma m'kanyumba kang'ono 50mm imathina, mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati. A Nikon angasankhe 35mm f/1.8G m'malo mwake.

A Nikon mvetserani bwino apa, pali msampha. Makamera onse a D3000 ndi D5000 kupita m'tsogolo m'mizere imeneyi alibe mota ya focus m'thupi, amadalira mota ya mu lens. Lens yolembedwa AF-S igwira. Yakale ngati 50mm f/1.8D ilowa bwinobwino koma focus muzizunguza ndi chala. Yolembedwa AF-P sigwira pa D3100 ndi D3200. Wogulitsa akakuuzani kuti "zonse ni Nikon, boss", muuzeni amange lens pa kamerayo muone nokha.

Ine ndikulankhula ndili ndi chipsera. Zaka zapitazo ndinagula kamera yanga yoyamba kwa bambo wina amene ndinakumana naye pa intaneti. Tinaonana madzulo pa malo oimika magalimoto, iye injini ili chilirire, akuti akuthamangira maliro. Kamera inali kuwala ngati yatuluka lero m'bokosi. Ndinadina kawiri, ndinalipira, anapita. Kunyumba zithunzi zonse zinali ngati ndakopa m'khitchini mwa utsi. M'kati mwa lens munali chuku, timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Foni yake sinalirenso. Akulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choncho popita kukaona kamera nyamulani memory card yanu ndi tochi ya foni, ndipo pitani masana. Muyese motere.

Chotsani lens, tsegulani mbali zonse ziwiri, walitsani tochi kupyola m'kati. Tifumbi tochepa si nkhani, lens iliyonse ili nato. Koma ukonde wa kangaude uja, olo chifunga, ibwezeni.

Bwezerani lens, ikani kamera pa A ngati ndi Nikon olo Av ngati ndi Canon, ikani f/22, kopani khoma loyera olo thambo. Kulitsani chithunzicho pa skirini. Madontho akuda ochepa ndi fumbi la pa sensa, limapukutika kwa odziwa. Mzere wautali ukhoza kukhala kukalika, ndipo sensa yokalika ndi kamera yakufa kwa munthu wa thumba ngati lathu.

Kopani nkhope ya wogulitsayo pafupi, kenaka chinthu cha kutali, kasanu olo kasanu ndi kamodzi. Focus iyenera kugwira msanga, osati kusakasaka. Zunguzani gudumu lililonse, dinani batani lililonse, tulutsani flash, kopani kavidiyo mumvere mawu. Tsegulani pa batire muone ngati muli dzimbiri olo zobiriwira, chizindikiro cha kamera imene inamwapo madzi. Yang'anani timasikuluwu: ngati mitu yake ndi yodyeka, wina anaitsegulapo.

Funsani shutter count, ndiye kuti kamera yadina kangati chibadwire. Ili ngati mileage ya galimoto. Makamera ang'ono awa amapangidwa kuti adine pafupifupi ka 100,000. Ya 15,000 olo 30,000 ikali mwana. Ya 90,000 yadya maukwati maningi, mtengo utsike kwambiri olo muisiye. Nikon imalemba nambala imeneyi m'chithunzi chilichonse, ndipo pa intaneti pali malo aulere oiwerenga. Ya Canon nthawi zambiri imafuna kulumikiza kamera ku kompyuta, choncho pitani ndi mnzanu wa laputopu.

Zonsezi zimatenga mphindi 30. Wogulitsa woona amakhala pansi n'kudikira. Wothamanga, msiyeni athamange.

Palinso nkhani ya akabwalala. Kamera yopanda chaja, yopanda chivundikiro, yamtengo wa nkhuku, imene mwini wake sadziwa poiyatsira, dzifunseni kuti anaitenga kuti. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akabwera amatenga kamera, nthawi zina ndi inu omwe. Kumanani poyera, pa Levy, Manda Hill olo East Park, pamene pali anthu. Lembani kapepala ka mgwirizano: dzina, nambala ya NRC, serial number ya kamera ndi ya lens, mtengo, tsiku, nonse musaine. Ndipo musatumize dipoziti pa foni kwa munthu amene simunamuone, olo alumbire pa manda a agogo ake kuti pali wina akuifuna lero.

Manje ndalama. Mitengo imavina ndi dola, ya lero si ya mawa, ndiye gawani motere. Pa K100 iliyonse imene muli nayo, K70 ipite ku kamera ndi lens yake. K20 igule batire yachiwiri, ma memory card awiri ndi chikwama. K10 isungeni, ndi ya basi ndi zadzidzidzi. Makhadi awiri a 32GB ndi abwino kuposa imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikafa simunataye ukwati wonse, ndipo agulidwe m'shopu yodziwika popeza agonga ali mbwee. Batire yachiwiri si manyado m'dziko la load shedding. Mwa kuwerenga kwa opanga, D3500 imakopa zithunzi 1,550 pa chaji imodzi, Canon 2000D pafupifupi 500. Batire yokalamba sifika pamenepo. Dziwani dzina la yanu: EN-EL14 pa ma Nikon ndatchulawa, LP-E8 pa 600D ndi 700D, LP-E10 pa 1200D ndi 1300D.

Kwa a ku Chanyanya ndi onse okhala m'mbali mwa madzi, adani ndi awiri: fumbi la mumsewu ndi chinyezi cha kumtsinje. Chuku chija chimakonda malo amdima a chinyontho. Sungani kamera m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muziitulutsa kukagwira ntchito kawirikawiri. Musasinthe lens panja pa mphepo ya August. Pa bwato, lamba m'khosi, kamera m'pulasitiki mpaka nthawi yokopa. Ikawonongeka, wokonza ali ku Lusaka, makilomita oposa 40 kuchokera ku Kafue town, kuwonjezapo msewu wa ku Chanyanya. Tsiku lonse lapita, ndalama ya basi yapita, kasitomala wapita kwa wina.

Muphwa wanga asanadule foni anawonjeza kuti, "Ba uncle, nifunanso lens itali ija, nizikopa mbalame na lechwe ku ma Flats." Ndinamumvetsa. Lechwe ya ku Kafue Flats sipezeka kwina kulikonse m'tchire la dziko lapansi, ndipo mwana wobadwira kumeneko ali ndi ufulu woilakalaka. Koma ndinamuuza kuti, "Iwe, lechwe silipira. Yamba na banthu. Kamera ikabweza ndalama ya chilimba, 70-300mm izagula yeka."

Chomaliza, ndipo ichi sichigulidwa. Musalandire ndalama ya ukwati wa munthu sabata imene mwagula kamera. Ukwati subwerezedwa. Pitani pa harbour m'mamawa pamene mabwato akufika, dzuwa likali lofewa, mupemphe amayi a nsomba musanawakope, ndipo mawa muwaonetse zithunzi zawo. Kopani ana a m'nyumba, kwaya ya kutchalitchi, mpira wa pa sukulu. Phunzirani chimene f/5.6 ndi ISO 800 zimachita mpaka zala zizipita zokha. Kenaka perekezani kameramani wamkulu ku maukwati awiri olo atatu, mumunyamulire chikwama. Amayi aja a pa harbour ndiwo ali ndi ana okwatiwa mu December, ndipo adzakumbukira amene anawakopa mwaulemu.

Loweruka lino mnyamata akwera basi ya m'mawa, tikumana mu town. Pali D3300 imene tikukaona. Ine ndanyamula tochi ndi memory card, iye wanyamula ndalama m'thumba la m'kati. Ndamuuza kale kuti ngati wogulitsa ali ndi maliro othamangira, tipita kukadya nsima n'kubwerera ndi ndalama yathu.

Sabata yamawa tidzakamba za mtengo wolipiritsa pa kitchen party, ndi mmene mungakanire achibale amene amafuna zithunzi za mahala popanda kudana nawo.